Kutsuka filimu ndi khofi ndi soda wa therere

(Mawu amene analankhula membala mnzathu, mlimi wa kufupi ndi Domwe, pa msonkhano wa gulu lathu la omvera wailesi. Tawalemba monga mmene anawalankhulira.)

Ine mumandidziwa kuti ndine mlimi wa kachewere ndi nyemba. Sukulu ndinalekera kalasi 6, ndiye musayembekeze mawu a anthu ophunzira. Andipempha kuti ndifotokoze za makina ndapachika m'khosiwa, chifukwa anthu akhala akufunsana kuti mkulu ameneyu wayamba misala yanji, kujambula zithunzi zopanda mtundu pamene telefoni iliyonse ikujambula zokongola. Ena mpaka akuti ndikumwetsa filimu khofi. Zimenezo n'zoona, ndipo ndifotokoza. Pamapeto ndili ndi pempho kwa gulu.

Makinawa si anga, ndi a malume. Dzina lake ndi Praktica. Anapangidwa mumzinda wa Dresden, ku Germany ya kum'mawa, dziko limene lero kulibe. Malume ndi mmodzi wa aja timawatcha Madjermane, amene anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a kumeneko, n'kubwerera mu 1990 pamene ma Germany awiri ankaphatikizana. Anzawo anabwera ndi mafiriji ndi njinga zamoto, iwo anabwera ndi makinawa, tanki yotsukira, ndi marolo a filimu ya ORWO. Anayamba akhala ku Tete chifukwa kuno kunali nkhondo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwera ku Ulongwe n'kumayenda pa njinga m'midzi kujambula maukwati, maubatizo ndi zithunzi za makhadi. Atabwera makina a digito ndi matelefoni, ntchito inatha, iwo anabwerera ku khasu ngati tonsefe.

Tsopano chimene chinandikoka ine ndi ichi. Ine ndinabadwira ku Malawi, ku Dedza, makolo atathawa nkhondo, monga ambiri a msinkhu wanga muno. Zimene zinatsala m'nyumba pothawa zinapsa. Bambo anamwalira mu 1997 ndili ndi zaka 8, ndipo chithunzi chawo panalibe ngakhale chimodzi. Ndakula ndikukumbukira mawu awo ndi chipewa chawo, koma nkhope inkandithawa. Chaka chatha ndinapita kukathandiza malume kufolera nyumba, ndiye potulutsa katundu tinapeza chitini cha mabisiketi chodzaza ndi manegetivu, okulungidwa m'mapepala, pepala lililonse lolembedwa chaka ndi mudzi. Malume anatenga la 1995, anakweza kachidutswa kamodzi kumwamba, nati, tayang'ana amene waima kumbuyo kwa mkwati uyo. Pa negetivu zinthu zimakhala chotembenuka, munthu wakuda amaoneka woyera, thambo limaoneka lakuda, ndiye sindinazindikire kanthu. Koma chipewa ndinachidziwa. Patapita sabata tinakasindikiza ku Ulongwe, ndipo amayi atachiona anakhala pansi osalankhula mpaka nsima inazizira.

Kachidutswa kameneko kakhala m'chitini zaka pafupifupi 30, m'nyumba ya udzu, mvula, utsi, mbewa, koma nkhope ilipo. Ine telefoni yanga yoyamba anandibera pa feira, inapita ndi zithunzi zonse za mwana wanga woyamba ali wakhanda. Yachiwiri inangozima yokha, wokonza anati zamkati zapsa. Ndifunse muno: ndani ali ndi chithunzi chimene anajambula ndi telefoni zaka 10 zapitazo? Mwaona, manja awiri okha. Ndiye ndinapempha malume kuti andiphunzitse.

Chovuta choyamba chinali filimu. Kuno sindinaipeze, ngakhale amene ndinawatuma ku Tete anabwera chimanjamanja. Koma kunja ikupangidwabe. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandigulira marolo 6 a Fomapan 100, yopangidwa ku Czech Republic, ndi botolo limodzi la mankhwala otchedwa fiksador, n'kupatsira munthu wobwera pa basi. Kuti ndimubwezere ndalama ndinagulitsa matumba awiri a kachewere. Mayi a kunyumba sanakondwe, ndipo ndikuwaona apo akugwedeza mutu mpaka lero. Rolo imodzi imajambula zithunzi 36 basi. Palibe kufufuta, palibe kuona kuti chatuluka bwanji. Ukakanikiza, chapita.

Malume anayamba ndi kundiuza chimene filimu ili. Ndi kapulasitiki kopakidwa phala lopyapyala lochokera ku mafupa ndi zikopa za ziweto, ndipo m'phalamo muli timchere ta siliva tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Kuwala kukagunda timcheret, timasintha, koma ukayang'ana suona kanthu. Chithunzi chimakhala chilimo chobisala, kudikira mankhwala. N'chifukwa chake ukatsegula chitseko cha kumbuyo kwa makina filimu isanabwezedwe m'kachitini kake, kuwala kumapha zonse nthawi imodzi.

Makinawa ali ndi malo a pilya, koma pilya yake sikupezeka kuno, ndipo ntchito yake inali yongoyeza kuwala. Zina zonse zimayenda ndi masipuling'i ngati wotchi yakale. Ndiye kuwala ndimayeza ndi maso. Pali zinthu ziwiri zotembenuza. Kutsogolo pa galasi pali manambala 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16, amene amakulitsa kapena kuchepetsa kabowo kolowera kuwala. Chosokoneza n'chakuti nambala ikakula, kabowo kamachepa. Pamwamba pali kagudumu ka 30, 60, 125, 250, kamene kamanena nthawi imene kachitseko kakhale kotsegula. 125 ndiye kuti sekondi imodzi mwaigawa pa 125 n'kutengapo gawo limodzi. Ine ndinamva bwino malume atandiuza kuti ndiganize za kuthirira dimba ndi ngalande. Ukatsegula pakamwa pa ngalande kwambiri, utseke msanga. Ukatsegula pang'ono, udikire. Bedi limafuna madzi omwewo, akachepa mbewu imafota, akachuluka imawola.

Lamulo lake ndi losavuta. Filimu ya 100, kagudumu ka pamwamba kakhale pa 125. Dzuwa likuswa mtengo, chithunzithunzi cha munthu chili chakuthwa pansi, ikani 16. Kukakhala timitambo topyapyala, 11. Mitambo ikaphimba, 8 kapena 5.6. Pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde, 4. Malume anawonjezera kanthu kamene anaphunzira pojambula anthu athu zaka zonsezi: khungu lathu limafuna kuwala kochulukirapo, ndiye ukafuna kuti nkhope ioneke makwinya ndi maso, tsegula nambala imodzi kuposa mmene lamulo likunenera. Ndipo masana dzuwa lili paliwombo usajambule munthu, maso amasanduka maenje awiri akuda. Mmawa kapena chakumadzulo, kapena umukhazike pakhonde ayang'ane kunja.

Rolo yoyamba inanditengera masabata atatu. Ndinajambula amayi akupeta, agogo aakazi a mkazi wanga, ng'ombe zikukoka ngolo, ana akuchokera kusukulu, ndi munda wa kachewere uli maluwa. Ndinapeza kuti ukadziwa kuti zatsala 20, umayamba wazungulira munthu kaye, kuyang'ana kumene kuwala kukuchokera, kuchotsa ndowa imene ili kumbuyo. Komanso umalankhula naye. Agogo aja anakana masiku awiri, ankati chithunzi chimafupikitsa moyo. Sindinawakakamize. Tsiku lachitatu anandiitana okha atavala mpango wa ku tchalitchi. Apa ndinene kwa achinyamata: munthu muzimupempha musanamujambule, kaya ndi filimu kaya ndi telefoni, ndipo za kudambwe ndi za kumaliro si zoloza ndi makina popanda mawu a akuluakulu.

Tifike pa kutsuka, pamene pali nkhani ya khofi ija. Mankhwala ofunika ndi awiri. Woyamba malume amati revelador, ndiye amene amatulutsa chithunzi chobisala chija, kusandutsa timchere togundidwa ndi kuwala kukhala siliva wakuda. Wachiwiri ndi fiksador, amene amasungunula timchere totsala kuti kuwala kusaonongenso kanthu. Ndalama za mlamu zinakwana fiksador yekha. Mphwanga amene amaphunzira ku sekondale ndiye anapeza pa intaneti kuti revelador munthu angathe kupanga yekha ndi khofi. Dzina lake amati caffenol, ndipo anayamba kuyesa ndi ophunzira a pasukulu ya ukachenjede ku Rochester, ku Amereka, mu 1995. Malume atamva anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo anaphunzira kwa Ajeremani, ndipo Mjeremani khofi amamwa, sathira pa filimu. Koma revelador wina panalibe, ndiye anavomera, nati rolo ndi yako, kachewere ndi wako.

Amene akufuna kulemba alembe. Pa theka la lita ya madzi: magalamu 27 a soda, magalamu 8 a vitamini C, magalamu 20 a khofi. Koma chilichonse chili ndi nkhani yake. Soda amene amayi amathira mu therere ndi wofooka, sagwira ntchito mmene alili. Umayamba wamukazinga mumphika wouma pamoto, n'kumatakasa. Amachita ngati akuwira, timabowo tikuphulika ngati phala, ndiye akasiya ndiye kuti wasanduka soda wamphamvu. Amapepuka ndithu, ukaika magalamu 45 umatsala ndi pafupifupi 28. Akatero si wa ndiwonso ayi, muikeni m'botolo lolembedwa, kutali ndi ana. Vitamini C ndinagula ku farmasiya, mapiritsi 16 a mamiligalamu 500, osati aja otulutsa thovu m'madzi, ndinawasinja ndi supuni. Khofi akhale wa ufa wosungunuka m'madzi, weniweni, wotchipa yemweyo. Uja wosakaniza ndi zina amene timamwa ndi buledi alibe mphamvu yokwanira. Zoyezera ndinabwereka kasikelo kwa mnyamata wina amene ankagula golide ku Chifunde.

Umasungunula soda poyamba mpaka madzi ayere, kenako vitamini, khofi pomalizira, n'kusefa pa kansalu. Fungo lake, abale, musandifunse. Mayi a kunyumba anati ngati nsomba yoiwalika m'thumba, ndipo anatithamangitsira kukhola la mbuzi. Madzi akhale pa madigiri 20. Malume ali ndi choyezera chawo chakale. Chija cha kuchipatala sichithandiza chifukwa sichitsika kufika pamenepo. Kuno kwathu tili ndi mwayi, dziko lathu ndi lozizira. Ife tinatsuka mu Juni, madzi a pamjigo mmawa anali pa 16, tinangowonjezera otentha pang'ono. Anzathu a ku Tete mwezi wa Okutobala angavutike kuwaziziritsa.

Koma musanathire chilichonse, filimu iyenera kuchoka m'kachitini kake n'kulowa mu tanki, ndipo zimenezi zimachitika mumdima wa ndiweyani. Nyale yofiira imene mumaona m'makanema ndi ya mapepala, filimu imaiona ndipo imapsa. Mu tanki muli kagudumu kamene malume amati espirali, kokhala ndi tinjira tozungulira, ndipo filimu yotalika kuposa mita ndi theka iyenera kulowa m'tinjiramo osakhudzana. Pamene yakhudzana mankhwala safika, pamatsala chigamba. Malume anandipatsa filimu yakale yowonongeka kuti ndiphunzirire. Masiku anayi ndinkalowetsa masana ndikuona, kenako nditatsinzina, mpaka zala zinadziwa zokha ngati mmene timatong'olera chimanga usiku tikucheza. Tsiku lenileni tinadikira usiku wopanda mwezi, tinatseka zenera ndi thumba, ine ndinalowa pansi pa mabulangete awiri ndi tanki, sizasi ndi chotsegulira mabotolo. Malume anakhala pakhomo kuletsa ana ndi tochi zawo. Pansi pa bulangete pamatentha, manja amachita thukuta, ndipo filimu ikanyowa imakakamira. N'chifukwa chake malume anandisambitsa m'manja ndi madzi ozizira n'kupukuta bwino ndisanalowe. Mtima unkagunda ngati ndikuba. Nditatseka chivundikiro cha tanki ndinafuula kuti yatsani, chifukwa ikatsekedwa, zotsala zonse umachita poyera.

Mmawa mwake tinathira khofi uja. Mphindi 15. Poyamba umatembenuza tanki chadodolido kakhumi, kenako katatu pa mphindi iliyonse, n'kugogoda pansi pang'ono kuti thovu lichoke pa filimu. Apa telefoni inathandiza, inali wotchi yathu. Ikakwana nthawi umakhuthula, n'kutsukuluza ndi madzi katatu. Kenako fiksador, gawo limodzi la mankhwala pa magawo anayi a madzi, mphindi 5. Malume anandionetsa njira yomuyesera: umadula kansonga ka filimu n'kukaviika m'kapu poyera, n'kuwerenga nthawi imene katenge kuti kayere mbee ngati galasi. Filimu ya mu tanki ikhale kawiri nthawi imeneyo. Fiksador sataya, umamubwezera m'botolo, amagwira marolo ambiri. Akadzatha mphamvu asatayidwe pafupi ndi chitsime, dimba kapena pomwera ziweto, chifukwa amakhala atanyamula siliva. Ndipo makapu a ntchito imeneyi asabwererenso kukhitchini.

Kutsukuluza komaliza sikufuna mpopi. Umadzaza tanki, kutembenuza kasanu, kutaya. Kudzazanso, kakhumi, kutaya. Kachitatu, ka 20. Madzi onse tinasefa pa nsalu chifukwa kamchenga kamodzi kamakanda nkhope ya munthu.

Potsegula tanki malume anandilanda, anati maso awo ndi amene akudziwa. Anakoka filimu pang'onopang'ono n'kuikweza kuwindo. Anakhala chete, kenako ndinangomva, aaa, khofi! Tizithunzi tinali titandandalikana, tofiirira pang'ono ngati tiyi, koma toonekera bwino, ng'ombe, ngolo, mpango wa agogo. Pa 36 zija, zabwino zinali 23. Zina zinali ndi mzere woyera m'mbali chifukwa kasiponji ka pachitseko cha makina kanali katafumbwa ndi ukalamba n'kumalowetsa kuwala. Tinamatapo ulusi wakuda wa juzi, ndipo rolo yachiwiri inatuluka yopanda mzere. Poyanika tinapachika pa chingwe m'chipinda, chopanira zovala kumwamba china kumunsi, titawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke, n'kutseka chitseko maola atatu. Filimu yonyowa imagwira fumbi ngati ulimbo, ndipo likauma nalo silichoka.

Chimene chinandidabwitsa ndi mmene mitundu imasinthira. Amayi anavala chitenje chawo chofiira cha maluwa obiriwira, chimene amachikonda kuposa zonse. Pa chithunzi chofiira ndi chobiriwira zinasanduka phulusa lofanana, maluwa osaoneka bwino. Anadandaula kuti ndawavula chitenje chawo. Tomato wakupsa m'dimba naye anabisala m'masamba. Koma nkhope, abale. Chithunzi cha agogo ndi ichi ndanyamula. Poti palibe mtundu wokukopa maso, umaona mphini za pamasaya, umaona manja amene alima zaka zonsezi. Anamwalira mu Seputembala, ndipo ana awo asanu aliyense ali ndi chake tsopano, kuchokera pa negetivu imodzi.

Mphunzitsi wina atamva zimene ndikuchita anandionetsa zithunzi za Ricardo Rangel, mkulu wa ojambula m'dziko lathu lino, amene anabadwa mu 1924 n'kumwalira mu 2009, ndipo anaphunzitsa ojambula ambiri ku Maputo. Pali chimodzi cha nthawi ya atsamunda, cha mnyamata woweta ng'ombe amene bwana wake anamuwotcha pamphumi ndi chitsulo chodindira ng'ombe. N'chakuda ndi choyera chomwechi. Ine ndinawetapo ng'ombe ndili mwana, ndipo ndinalephera kuchiyang'ana nthawi yaitali. Akanangotiuza pakamwa, ena akanati n'zokokomeza.

Tsopano ndisakunamizeni kuti telefoni ndaitaya. Makina osindikizira pa pepala mumdima malume anagulitsa kalekale, ndipo amafuna magetsi. Ndiye chimene timachita ndi ichi: timaika negetivu pa galasi, kumbuyo pepala loyera lowala ndi dzuwa, mphwanga amaijambula ndi telefoni pafupi, n'kuitembenuza kuti choyera chikhale chakuda, kenako timakasindikiza ku Ulongwe. Malume amati kumeneko ndi kuphika nkhuku n'kuidyera m'chivundikiro, ndipo akunena zoona, pepala la mumdima limaposa. Koma ine sindidandaula kwambiri. Pepala likang'ambika kapena telefoni ikabedwa, negetivu ili m'chitini, tidzasindikizanso. Ndipo sindikuuza munthu kuti azijambula mpira kapena mitengo ya pa feira ndi filimu, kumeneko ndi kuwononga kachewere. Matenda a mbewu ndimajambula ndi telefoni n'kutumiza kwa alangizi tsiku lomwelo. Filimu ndaisungira anthu amene sitikhala nawo nthawi yaitali.

Pempho langa ndi ili. Marolo atsala 4, ndiye kuti zithunzi 144, ndipo fiksador akadali wamphamvu. M'midzi yathu muli akuluakulu amene anaona ntchito ya chibalo, anaona ufulu mu 1975, anathawa nkhondo n'kubwerera kudzamanganso pa mabwinja. A wailesi akhala akujambula mawu awo pa pulogalamu ya mbiri ya midzi, koma nkhope palibe amene akusunga. Ndikupempha kuti mudzi uliwonse umene uli ndi membala muno upereke maina a akuluakulu asanu, muyambe mwawapempha, ndipo ine ndidzabwera pa njinga Loweruka lililonse tikamaliza kukumba kachewere. Munthu aliyense ndidzamujambula kawiri. Ine sindikufuna malipiro. Gulu lingothandiza khofi, vitamini ndi ndalama yosindikizira, kuti pepala limodzi lipite kwa banja, lina likhale kuno. Manegetivu tidzalemba dzina, mudzi ndi chaka monga ankachitira malume, ndipo asungichuma atiuze ngati chitini chingakhale m'kabati ya gulu, pamalo pouma, chifukwa chinyezi cha dzinja chimameretsa nkhungu pa filimu. Malume avomera kuphunzitsa achinyamata awiri, mtsikana ndi mnyamata, ngati alipo amene angapirire fungo lija.

Manegetivu a rolo yoyamba ndabwera nawo, pamodzi ndi ija ya 1995. Amene akufuna kuona abwere kuwindo kuno awiriawiri tikatseka msonkhano. Mugwire m'mbali mokha, osati pakati, ndipo amene mwadya mandasi muyambe mwasamba m'manja.